Mabwana a ma TV, tibwezereni ka nthawi kathu ka masana kaja

Zikomo mabwana ndi madona nonse amene mumakhala pansi nkugwirizana kuti pa TV pazioneka chakuti nthawi yakuti, kaya muli ku Blantyre kaya ku Lilongwe, landirani moni wochokera kuno ku Kasungu. Ine ndine mzimayi wamba, ntchito yanga ndi yomanga tsitsi, ka saluni kanga kali pompano pa boma, ndipo kalata ya mtundu uwu sindinalembepo chibadwire nde pena pakakhota muziwongola nokha bola mumve chimene ndikunena.

Chandilembetsa ndi maliro. Mwezi wathawu tinaika mayi wina amene anali kasitomala wa azakhali anga kuyambira kalekale, nde usiku kusiwa kuja nyimbo zitaduka kaye ife tili kuseri tikuduladula kabichi wa mawa, kunadutsa mtsikana wina akuyankhula yekhayekha manja akuponya uku ndi uku, mayi wina amvekere chapansipansi, "taonani Tabitha uyo akukambirana ndi Timmy wake." Abale inu. Azimayi sikisi tinatseka pakamwa ndi zitenje kuti phwete lisamveke mnyumba muja, misozi chuchuchu osadziwika kuti ndi ya maliro kapena ya kuseka. Atsikana amene tinali nawo pamenepo anangotiyang'ana ngati mitu yatisokonekera, sakumudziwa Tabitha, sakumudziwa Timmy. Ndipo kuyambira pamenepo mpaka tambala woyamba nkhani inali ya Passions basi, wina kukumbutsa ichi wina icho, malemuwo tinawalira bwino usiku umenewo kuposa mmene tinawalirira kumanda chifukwa nawonso anali membala wa benchi yathu ya mu saluni imene tinkaonerapo seweroli.

Passions, kwa inu amene munali ana kapena munali bize ku ofesi, linali sewero la ku America lija losatha, lobwera Lolemba mpaka Lachisanu. Linayamba pa kanema wa kumeneko wotchedwa NBC mu July 1999, chaka chomwe chija ifenso a Malawi tinaona TV yathuyathu koyamba TVM itatsegulidwa nthawi ya a Muluzi, paja nthawi yonse ya a Kamuzu, amene kwawo ndi konkuno, TV kunalibe, tinkangodalira wailesi. Analilemba ndi mkulu wina James E. Reilly ndipo nkhani yake inkachitikira mka tauni kongopeka kotchedwa Harmony, dzina lotanthauza kumvana koma anthu ake osamvana olo tsiku limodzi. Mabanja anayi: a Crane olemera, a Lopez-Fitzgerald osauka, a Bennett a bambo wapolisi uja Sam, ndi a Russell a dokotala Eve. Kuseri kwa onsewa nkukhala gogo mfiti wa zaka 300 Tabitha ndi chidole chake chamoyo Timmy.

Ife tinkaonera pa dishi. Amuna awo a azakhali anabwera nayo kuchokera ku Joni pamodzi ndi ka dikoda kaulere kaja kosalipira pamwezi, anaikhoma pa mtengo wa bulugamu kuseri kwa saluni nkuitsamiritsa ndi njerwa, mphepo ya mu July ikawomba chithunzi chinkangoti duu nkope ya Sheridan itagawika timabokosi, mwana mmodzi nkuthamanga kukagwira dishi ife tikukuwa mkati kuti pompo pompo usasunthenso. TV yake inali ya chimsana ija ya mainchesi 14 itakhala pamwamba pa shelefu ya ma rilakisa. Magetsi akathima tinali ndi batire ya galimoto ndi ka invetala kolira ngati njuchi, ndipo lamulo la azakhali linali lakuti dalaya izime, wamadzi m'mutu adikire, batire ndi ya Passions. Ine ndinalowa mu saluni imeneyo mu 2004 nditangolemba Fomu 4, mayeso sanayende bwino kwenikweni koma Chingerezi chokha ndinakhoza, nde ntchito yanga yeniyeni sinali kuchapa mitu ayi. Ndinali womasulira.

Mukudziwa mmene anyamata a mu vidiyo sho amamasulira mafilimu mChichewa? Ine ndinayamba kale zimenezo, kungoti yanga inali ya pompopompo yopanda maikolofoni, manja ali m'mutu mwa munthu ndikuluka, maso pa sikirini, pakamwa pakugwira ntchito. Azungu aja amayankhula mothamanga ndipo sindiname, pena sindinkamva olo liwu limodzi, ndinkangoyang'ana nkhope nkupeka. Ivy, dona wa kwa a Crane, akakweza nsidze ine ndimvekere "akuti uona polekera mwana wa njoka iwe", benchi yonse eeeeh. Tsiku lina kunabwera aphunzitsi ena achizimayi kudzamangitsa meshi, anandimvetsera kwa mphindi khumi kenako anangoti, mwana iwe zimene ukunenazo ndi zina zimene akunena apozo ndi zina. Ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe. Koma agogo ena amene ankagulitsa mandasi pakhonde anawayankha kuti amadamu tisiyeni, za mwanayu ndi zimene zimakoma, ndipo aphunzitsi aja mawa lake anabweranso opanda chomangitsa, kudzangokhala.

Dzina la Tabitha lokha linavuta. Amayi a Chigwirizano akachoka ku tchalitchi ankadutsira pa saluni ndi yunifomu yawo yoyera, ati tangodutsa kudzapereka moni, moni wake mpaka sewero kutha. Nde iwowa zinkawapweteka kuti munthu angatenge bwanji dzina la Tabita wa mBaibulo, Dorika uja wa pa Machitidwe 9 wosokera amasiye malaya, nkulipereka kwa mfiti. Wina nkuyankha kuti komatu nayenso uyu ndi telala, si wasoka chidole mpaka chikuyenda kkkkk. Za Timmy ndiye panalibe kutsutsana poyamba, aliyense ankati ameneyo ndi ndondocha basi, azungu nawonso amadziwa kukhwima kungoti amabisa. Panali mayi wina woyembekezera amene Timmy akangotulukira ankatembenuka kuyang'ana kukhoma kuopa kuti mwana angadzafanane naye. Koma pang'onopang'ono kamwana kaja kanatigwira mtima tonse, kankadzitchula dzina kokha poyankhula, Timmy akuopa, Timmy sakufuna, mpaka ana a mu layini mwathu anatengera, ukamutuma mwana kuchigayo amvekere Timmy watopa. Chinali chidole cha mfiti koma mtima wake unali wabwino kuposa anthu opemphera onse a mu Harmony, gogo wake akufuna kupha Charity, mtsikana wa kwa a Bennett, iko nkumakamuchenjeza mobisa. Ndipo Tabitha yemweyo ndi ufiti wake wonse ukamuona mmene ankakakondera kamwanako, umaiwala kuti ndi woipa, unkangoona gogo wosungulumwa amene alibe wina womuyankhula. Agogo a mandasi aja ananenapo tsiku lina kuti mmidzimu agogo ambiri amene timawanena ufiti ndi otero, anangotsala okha. Palibe anayankha, tinangomva kulira kwa invetala.

Tsiku limene Timmy anamwalira saluni inasanduka siwa. Anali atangosanduka munthu weniweni monga ankafunira, nde pomwalira mtima wake anaupereka kwa Charity kuti akhale moyo. Ine kumasulira kunandikanika, mawu anatsamwa pakhosi, ndipo panalibenso wofuna kumasuliridwa. Kuno tinkaonera mmbuyo ndi zaka ndithu poyerekeza ndi eni ake, nde ndinadzamva patapita nthawi kuti mnyamata amene ankasewera Timmy, Josh Ryan Evans, anamwaliradi pa 5 August 2002 ali ndi zaka 20 chifukwa cha vuto la mtima, tsiku lomwelo limene ku America ankaonetsa gawo la imfa ya Timmy. Sanali mwana, anali munthu wamkulu wobadwa ndi msinkhu wosafika olo mita imodzi. Ndikakumbuka kuti tinkamuti ndondocha ndimachita manyazi mpaka lero. Nditawauza azakhali za tsiku limodzi lija anangoti mmm, nkulowa kuchipinda, mpaka pano amakhulupirira kuti pamenepo panali zinazake ndipo ine ndinasiya kulimbana nawo.

Koma chimene chinkadzazitsa benchi ija si ufiti ayi. Inu mabwana mukudziwa kuti Kasungu ndi dziko la fodya, kuno kuli eni maesiteti ndipo kuli matenanti, wina amapita ku okushoni ku Chinkhoma nkubwera ndi galimoto yatsopano, wina amene anapinda msana kuyambira ku nazale mpaka ku chigafa amauzidwa kuti tikachotsa chimanga chimene unadya, mchere, sopo ndi feteleza watsala ndi ngongole. Nde pamene ndinafotokoza kuti a Crane ndi eni tauni yonse, fakitale ndi yawo, apolisi amawaopa, ndipo Pilar wa a Lopez-Fitzgerald, mayi wa Theresa, ndi wantchito wa mnyumba mwawo, panalibe wofunsa kawiri. Alistair ndiye anali mutu wa banja la a Crane, ndipo aliyense anali naye Alistair wake mmutu. Paja mkulu ameneyu kwa zaka zambiri nkhope yake sinkaoneka, tinkangoona dzanja litagwira ndudu yaikulu ija ndi mawu pa foni, ndipo mayi wina wochokera cha ku Santhe anati ndi mmene alili eni esiteti enieni, umangomva kuti bwana anena, bwana akana, koma bwanayo zaka zitatu sunamuonepo, umangoona kapitawo.

Apa ndi pamene pakubwera malemu aja. Amuna awo anapita ku Joni njala ya 2002 itavuta, nthawi imene anthu kuno ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, mbuzi kugulitsa pa mtengo wa nkhuku, anati ndikapeza ganyu ndikutumizirani. Anatumiza kawiri. Kenako zii. Mayiwa anali munthu wosayankhulayankhula, ankagulitsa tomato ndi anyezi mumsika, nthawi ikakwana ankasiyira mnzawo benchi ya tomatoyo nkubwera kudzakhala pakona pafupi ndi beseni lochapira mitu, malo awo anali amenewo ndipo palibe ankakhalapo. Za amuna awo sankatchula, ifenso sitinkafunsa, mukudziwa mmene timachitira. Tsono Pilar nayenso mwamuna wake Martin anasowa kalekale nkumusiyira ana, iye usiku uliwonse nkumayatsa kandulo kumudikira, osakwatiwanso, osayang'ana mwamuna wina. Pilar akayatsa kandulo ija mayiwa ankaweramitsa mutu nkumakonza chitenje pamaondo. Ndiye linafika tsiku lija zinaululika kuti Martin ali moyo, zaka zonsezi anali ndi Katherine mkazi wa Alistair yemwe uja. Ine ndikumasulira mwamantha, maso ndikuponya pakona. Pilar akukalipa akulira, ine ndikutsatira pambuyo pake ndi Chichewa changa chopereweracho, mwadzidzidzi tinangomva mawu kuchokera pa beseni paja, "muuze ndithu, muuze kuti ana anagona ndi njala, muuze kuti wamng'ono uja anamwalira akuitana dzina lake." Pilar analibe mwana womwalira ndi njala. Azakhali anatsitsa voliyumu mpaka pansi, ndipo mayi aja anayankhula kwa ola lathunthu zinthu zimene anazisunga zaka zisanu, ife tili chete, kasitomala wina rilakisa akumuwotcha m'mutu koma osadandaula. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kuseka nafe, analowa chipereganyu chathu, pambuyo pake anagula ka malo ku Chankhanga nkumanga zipinda ziwiri za njerwa zowotcha. Sindikunena kuti TV ndi imene inamanga nyumbayo, anamanga ndi tomato, koma pakamwa paja panatsegulidwa ndi Pilar, ine ndinalipo.

Zinalinso ndi phokoso lake. Benchi inagawikana pawiri, a Theresa ndi a Gwen, ngati Bullets ndi Noma. Atsikana ndi onse amene anakulira mu umphawi anali a Theresa, mwana wa wantchito wofuna kukwatiwa ndi Ethan wa kumpanda, koma azimayi a pabanja makamaka amene anavutikapo ndi zibwenzi za amuna awo anali a Gwen amene Ethanyo anali naye kale, ati kamtsikana aka nkakuba amuna basi musakakometsere. Theresa anali ndi liwu lake limodzi limene ankalibwereza tsiku ndi tsiku kuti iye ndi Ethan ndi zokonzedweratu, ine ndinalimasulira kuti "zinalembedwa", ndipo liwu limeneli linatuluka mu saluni nkuyenda msika wonse. Mtsikana akatenga mimba ya mwini wake, zinalembedwa. Nsima ikapserera, zinalembedwa. Ineyo pansi pamtima ndinali wa Gwen koma sindinkanena, womasulira safunika kuonetsa mbali. Azibambo nawo musawamvere akamati zinali za azimayi, a kabaza ndi a matelala a pafupi ankabwera kudzapempha madzi akumwa nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, kapu imodzi kumwa mphindi 30 ataima pakhomo, ndipo bambo wina wometa anandiitanapo pambali nkundifunsa monong'ona kuti kodi Luis, mchimwene wa Theresa uja, wadziwa kuti mwana uja ndi wa Sheridan.

Ndisakunamizeni kuti linali sewero lanzeru kwambiri. Zambiri zinali zopusa zedi. Beth, chibwenzi chakale cha Luis, kumutsekera Sheridan ali woyembekezera mdzenje pansi pa nyumba, iye nkumanamizira pakati, tauni yonse ndi apolisi omwe osazindikira. Nyumba ya a Bennett kumira kupita ku gehena. Ndipo chimene chinatimaliza ndi chinyani chofiira chija Precious, chovala yunifomu ya unamwino chikusamalira mayi ake a Beth kwinaku chikumufuna Luis, apa ndiye amayi a Chigwirizano ananyanyala sabata yathunthu ati izi ndiye zanyanya, Lolemba linalo tinangoona afika. Kuchedwa kwake ndiye musanene, munthu amatha kuyamba kuulula chinsinsi Lolemba, "Ethan ndili ndi mawu", kufika Lachisanu akadali pa ndili ndi mawu, phwando la usiku umodzi kutha mwezi. Koma ndikaganiza pano kuchedwa kumeneko ndi kumene kunkatiyenera ife. Mzimayi sakhala pansi mphindi 30 osadzuka, mwana walira, nyemba zikupserera, kasitomala wabwera, nthawi ya dzinja ena ankasowa masabata awiri ali ku munda kupalira ndi kubandira, koma akabwera ankapeza Theresa akadali pa khomo lomwe lija akulira, nkupitiriza ngati sanachoke. Amene analemba uja ankadziwa kuti akulembera anthu a manja otanganidwa.

Tsiku lina linangosiya kubwera. Tinakhala pa benchi kudikira, kunabwera zina, mawa lakenso zina, tinkaganiza kuti dishi yasuntha mpaka tinaitana mnyamata wa ma dishi kudzaikonza chinthu chosawonongeka. Mathero sitinawaone. Mu 2013 ma chanelo aku Joni aja nawonso anatsekedwa pa ma dikoda aulere, dishi ija azakhali anayamba kuyanikapo chigwada. Ndinadzadziwa pa foni zaka zambiri zitadutsa kuti kwawoko linatha mu August 2008 litadutsa magawo 2,000, ndipo pamapeto pake Theresa anakwatiwadi ndi Ethan. Ndinanyamuka ulendo mpaka kumsika kukawauza malemu aja, iwo akupanga milu ya tomato anangoti, "nanga si zinalembedwa", nkundiwonjezera tomato awiri a prize.

Tsono pempho langa ndi ili mabwana. TV ndikadali nayo mu saluni, pano ndi ya fulati yokhoma pakhoma, imayaka kuyambira mmawa. Sinditchula kanema wa wina aliyense chifukwa nonse ndimakuonerani ndipo pali zambiri zimene mumachita bwino, koma masana kunena zoona mumatisiya tokha. Nyimbo zomwezomwezo, nkhani za dzulo kubwereza, azibambo atatu a masuti atakhala pa tebulo kukambirana za ndale maola awiri. Makasitomala anga aliyense amangoweramira pa foni yake, uyu TikTok uyu WhatsApp, bandulo ikatha nkugona ali mu dalaya. Anthu asanu mchipinda chimodzi osayankhulana. Masewero a ku India ndi a ku Mexico aliko inde pa ma dikoda olipira, koma ndi angati kuno angalipire mwezi ndi mwezi fodya atagulidwa motchipa, komanso ndi a Chingerezi, ndipo ine pano ndakula sindingathenso kuluka uku ndikukuwa.

Sindikupempha kuti mukagule Passions ku America, nthawi yake inapita ndipo ana a lero angaseke zovala zake. Ndikupempha mphindi 30 zokha, Lolemba mpaka Lachisanu, nthawi imodzimodzi osasunthasuntha, sewero lathu la mChichewa lopitirira, la anthu omwewo chaka ndi chaka mpaka tiwazolowere ngati ma neba. Kuti a Malawi timakonda zoterezi simukufunika kafukufuku, kumbukirani mmene anthu ankazungulirira wailesi nthawi ya Kapalepale ndi Pamajiga, mmene Zimachitika inkamvedwera mmidzi, mmene msewu unkachepera anthu Tikuferanji ikayamba, Manganya mpaka anthu anaiwala kuti dzina lake ndi Michael Usi kufikira anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024. Koma chonde, ndagwira mwendo wanu, lisakhale sewero la pulojekiti. Mukudziwa zimene ndikunena, lija loti anthu awiri akukangana bwinobwino kenako wina nkutembenuka kuyamba kulakatula ubwino wogona mu neti ngati akuwerenga chikwangwani cha ku chipatala, thandizo la mabungwe likatha seweronso nkuthera panjira. Uphungu timaumva ku sikelo, ku tchalitchi ndi kwa anankungwi, watikwana. Pilar sanatiphunzitsepo kanthu ife, sanayang'anepo kamera nkunena kuti amayi limbani mtima, ankangoyatsa kandulo yake basi, zinazo tinkamalizitsa tokha pa benchi. Tipatseni anthu oipa oti tiziwatukwana, wabodza woti azipulumuka mpaka tipse mtima, gogo woti tizimuopa uku tikumukonda.

Mudzati ndalama. Ndikudziwa kamera sidya nsima. Koma mwana wanga amene ali ku koleji anandiuza chinthu chimene chinandiseketsa, kuti masewero amenewa amawatchula dzina la sopo chifukwa pamene ankayamba pa wailesi ku America mzaka za mma 1930 amene ankalipira anali makampani a sopo ngati Procter & Gamble, atazindikira kuti masana amene ali pafupi ndi wailesi ndi mzimayi, ndipo wogula sopo mnyumba ndi yemweyo. Lina lotchedwa Guiding Light linayamba pa wailesi mu 1937 nkudzatha pa TV mu 2009, zaka 72, agogo kusiyira mdzukulu. Nanga kuno zasintha chani? Amene amasankha sopo, mafuta ophikira, shuga, matewera, mbewu ya soya, ngakhale kuti ndalama za banki mkhonde tisunge ku Mpamba kapena ku Airtel Money, si ife tomwe? Pitani kwa amalonda amenewo mukawauze kuti muli ndi azimayi a mmasaluni, mmatelala, mmagolosale ndi mmakomo kuyambira Nsanje mpaka Chitipa atakhala pansi nthawi imodzi, muone ngati angakane. Mpira amathandiza bwanji.

Nkhani ndiye musavutike nkukaitenga kutali. Bwerani kuno sizoni ya fodya mudzakhale sabata imodzi. Mudzaona bambo wagulitsa mabelo ake nkusowa mwezi wathunthu ali ku resiti hausi ndi ka mtsikana, kubwera kunyumba ndi wailesi ndi buledi mmodzi. Mudzaona mwana wa tenanti wanzeru kusukulu akukondana ndi mwana wa mwini esiteti, mkangano wa ufumu wa mabanja awiri, munda wa amasiye wogulitsidwa kawiri, msungichuma wa banki mkhonde wothawa ndi bokosi mu December, mtchona wobwera ku Joni patatha zaka 15 nkupeza mkazi ali ndi ana ena awiri, njovu zotuluka mu paki kudzadya chimanga usiku wa chinkhoswe. Zonsezi ndakupatsani ulere. Osewera aliponso, ana amene amapambana mpikisano wa ma drama a Chingerezi wa ATEM mmasekondale amathera kuti? Achinyamata akujambula timasewero pa foni nkumaika pa Facebook anthu masauzande nkumaonera, ena anaphunzira zisudzo ku Chanco ali pakhomo. Kungoti muziwalipira, osati transipoti ndi fanta. Ndipo osewerawo asamangoyankhula Chichewa cha mtauni chosakaniza chija, muikemo wina woyankhula ngati wa kwa Chulu kapena kwa Wimbe, wina Mtumbuka wa ku Nkhamenya, timve kuti ndi ife.

Nthawi yake ikhale cha mma 3 kapena 4 koloko, mbale za nkhomaliro zitatsukidwa, moto wa madzulo usanakolezedwe, ana atabwera kusukulu. Loweruka muzibwereza magawo onse asanu kuti amene anali ku munda kapena magetsi anawathimira apeze. Mawu ake muziikanso pa wailesi chifukwa kumudzi TV ndi ya mmodzimmodzi. China ndi ichi, matepi a masewero akale aja amene munajambula kuyambira 1999, ngati akadalipo penapake mu kabati chonde asadyedwe ndi chinyezi, atulutseni muziwaonetsa olo kamodzi pa sabata poyembekezera chatsopanocho. A Izeki ndi a Jakobo onse anatisiya, mwana wanga wamng'ono amangowamvera kwa ine.

Benchi ija ikadalipo, ndinaisintha miyendo yokha. Azakhali maso anayamba kuvuta koma makutu ali bwino, amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi kudzakhala pakhonde, ndipo nditawawerengera kalatayi anati ndiwonjezere kuti mfiti yake asadzakhale gogo wosauka ayi, adzakhale bwana wa galimoto. Ndawonjezera. Ngati wina wa inu angadutse pa M1 kupita ku Mzuzu, tsikani pa depoti mufunse a kabaza saluni imene ili ndi dishi yakale yoyanikapo masamba kuseri, akufikitsani. Loweruka lokha musabwere, ndimakhala ndi akwati kuyambira 4 koloko mmawa.

Ndatha ine wanu,
Womasulira wakale wa pa benchi,
Kasungu boma.